Kolala Imene Ndinatembenuza

Ndine telala. Ndinasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ku Limbe ndisanabwere kuno ku Dublin kudzakhala ndi mwana wanga wamkazi ku Tyrrelstown. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndipo sindinapepesepo kwa munthu chifukwa cha zimenezo.

Kukhala m'nyumba n'kumaonerera mvula pawindo kunandikwana. Mwana wanga anandipezera ntchito pa kashopu kokonza zovala ku Blanchardstown. Mwini wake ndi mayi wa ku China, wa msinkhu wa mwana wangayo. Amanditchula Ankolo, ine ndimati Madamu. Timalankhulana Chingerezi chothyokathyoka tonse awiri.

Chovala chilichonse ankachibaya kapepala ndi phini, atalembapo m'Chitchaina zoyenera kuchita. Tsiku loyamba anafuna kundiphunzitsa. Analemba zilembo ziwiri, nati, "Izi ndi chenishani. Malaya a kolala. Tanenani, Ankolo."

"Chenishani."

"Eya. Mawa thalauzi, mkuja kufupikitsa, kenako zipi."

"Madamu, ndinayamba kusoka inu musanabadwe. Chovala chimandiuza chokha pamene chikudwala."

Anaseka, n'kundisiya. Choncho pa Chitchaina chonse ndinadziwa mawu amenewo basi. Kwa miyezi ingapo sindinalakwitse kanthu. Zipi yakufa imaoneka. Thalauzi yaitali Madamu ankaipindiratu ndi mapini.

Lachitatu lina m'mawa Madamu anapita m'tauni kukagula ulusi. Pathebulo pafupi ndi makina anga panali malaya oyera akale, okulungidwa m'pepala lofewa. Pa kapepala kake ndinazindikira zilembo ziwiri zija. Panali zinanso zambiri, koma sindinazisamale. Kolala inali itaperepeseka popindira, ndipo wina anali ataisoka pamanja ndi ulusi wabuluu. Msoko wake wokhotakhota, pena pothina, pena potayana. Ndinapukusa mutu.

Kwathu kolala ikatha sititaya malaya. Timaiphwasula n'kuitembenuza, mbali yotha n'kubisala kunsi, yabwino n'kubwera pamwamba. Aphunzitsi ndi makalaliki a ku Limbe ankandibweretsera ine ntchito imeneyi. Kuno sindinaonepo munthu akuichita. Amangoponya m'bini n'kukagula ena. Foni ndinali nayo m'thumba, ndikanatha kufunsa. Sindinafunse. Ndinkafuna Madamu aone ntchito imene iye sakuidziwa.

Ndinatenga lezala n'kudula msoko wabuluu wonse. Tiulusi ndinasesera pamodzi ndi zinyalala zina n'kukataya m'bini yaikulu ya kuseri. Kolala ndinaitembenuza, ndinaisoka, ndinaisita. Malayawo ndinawapachika kutsogolo kuti akangolowa awaone.

Anawaonadi. Anaima pakhomo, jumbo ili m'manja.

"Ankolo, mwatani?"

"Ndatembenuza kolala. Taonani, ngati atsopano."

Anawatsitsa, natukula kolala, n'kuyendetsa chala kunsi kwake.

"Ulusi wabuluu uli kuti?"

"Ndataya. Amene anasoka uja ntchito sankaidziwa."

"Anali mayi anga."

Anatola kapepala kaja n'kundiwerengera. Kanati: malaya a Bambo, osawachapa, osawakonza, apite kunyumba. Kapepalako Madamu analembera mwamuna wake, amene ankabwera masana kudzatenga katundu. Bambo ake a Madamu anali atamwalira mwezi wapitawo, ndipo mchimwene wake anatumiza malayawo kuchokera kwawo. Mayi ake anamwalira kale. Kolala imeneyo mayiwo anaisoka maso atayamba kuchita khungu, ndipo bamboyo anakana malaya atsopano mpaka imfa yake.

"Simunawerenge?" anandifunsa.

"Ndinawerenga chenishani."

Pamenepo ndikanakhala chete. Koma ndinati, "Mukanalemba m'Chingerezi, Madamu."

Anandiyang'ana pang'ono. "Zoona, Ankolo. Wolakwa ndine."

Akanandikalipira ndikanapeza choyankha. Ndinatuluka osavala jekete. Kunali mvula ya mawawa. Ndinatsegula bini yaikulu ija, ndipo ine, munthu wa imvi, nditamanga tayi, ndinayamba kufukula zinyalala. Mayi wina wa ku Zambia wogwira ntchito pa shopu yoyandikana nafe anadutsa, nati, "Atate, mwataya foni?" Ndinapeza tiulusi titatu, kalikonse kosaposa chikhadabo, tonyowa.

Ndinalowa nato padzanja. Madamu anatitola kamodzikamodzi n'kutiika mu envelopu.

"Ndingathe kuibwezera kolala mmene inalili," ndinatero.

"Ayi. Musawakhudzenso."

Anawapinda yekha, nawakulunga m'pepala lawo, n'kuwaika pashelefu ya pamwamba. Kenako anandipatsa thalauzi yoti ndifupikitse. Kunyumba mwana wanga anafunsa chifukwa chimene mikono ya malaya anga inadera. Ndinati ndi oyilo wa makina.

Madamu sanandichotse ntchito, ndipo ndikadali komweko. Masiku ano chovala chilichonse amabwera nacho yekha pamakina, n'kundifotokozera pang'onopang'ono, akuloza ndi chala, ngati mmene ine ndinkachitira ndi ophunzira ntchito atsopano. Ndimamvetsera mpaka amalize.

Mawu oti pepani ndinawanena patapita masiku atatu. Ndinawanena nditayang'ana makina, makinawo akulira. Sindikudziwa ngati anamva.