Chiwongolero cha a Gerevazio

Kuseri kwa msika wa pa Linthipe kunali mtengo wa mkuyu umene anthu ankautchula kuti pagalaja, chonsecho panalibe khoma ngakhale denga. Pansi pa mtengowo mpamene Ezara Ngozo ankakonzera magalimoto m'zaka za m'ma 1970. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, Mngoni wa ku Bembeke amene anaphunzira umakaniko pagalaja ya ku mishoni. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kamodzi: kuyambira pansi, kuyesa chitsulo chimodzi, kuchichotsa pa mlandu, kenako n'kupita pa china. Madalaivala opupuluma ankadandaula kuti amachedwetsa, koma mawa lake ankabweranso kwa iye yemweyo, poti Ezara sankapeka matenda pa galimoto ya munthu.

Atakwatira Veronika, anakakhala pachikamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri la Chongoni. Abale ake anamuseka kwambiri. Mngoni kukakhala kwa mkazi, zoona? Iye anangomanga zitsulo zake panjinga n'kumapita. Ng'ombe zolowolera analibe, komanso Veronikayo ankamukonda zosabisa.

Apongozi ake aamuna anali a Gerevazio Kalumbi, dalaivala wodziwika kuchokera pa Dedza mpaka ku Lilongwe. Anayendetsa lole ya ku mishoni zaka makumi awiri, kenako anagula yawoyawo, Bedifodi yakale yobiriwira, imene ankanyamulira kachewere ndi kabichi. Anali chimunthu chachitali, chamapewa ngati chitseko, ndipo akaseka kumunda nkhuku zakumudzi zinkadzidzimuka. Chonyadira chawo chinali chimodzi, ndipo ankachinena paliponse, pamaliro pomwe: chiyambire kuyendetsa, sanagwetsepo galimoto m'ngalande.

Anthu awiriwa ankakondana, koma mwaulemu wa pachipongozi. Sankadyera mbale imodzi, sankayang'anizana m'maso nthawi yaitali. Ezara akawakonzera lole, a Gerevazio sankathokoza ndi pakamwa. Madzulo Ezara ankangopeza kabichi wamkulu koposa onse atamangiriridwa pakaliyala ya njinga yake.

Mavuto anayamba m'mwezi wa Juni chaka cha 1978, nthawi imene chisanu cha ku Dedza chimaluma mpaka m'mafupa. Lole inaima pansi pa mkuyu ndipo a Gerevazio anatsika akupukusa mutu.

"A Ngozo, chiwongolerochi chalimba. Kumanja chikulola, koma kumanzere ndiye ayi, ngati ndikukoka ng'ombe yokana goli."

Ezara anayambira pansi monga mwa masiku onse. Anayesa mpweya wa matayala akutsogolo, poti tayala lofewa limalemetsa chiwongolero. Mpweya unali wokwanira. Anaima pasitepe, n'kulowetsa mkono pawindo, n'kupotokola uku ndi uku. Chiwongolero chinali bwinobwino, kumanzere ndi kumanja chimodzimodzi. Koma kodi mkamwini angawauze apongozi kuti zimene mukunenazi palibe? Paja amati mkamwini asamakule mwendo. Anatenga pampu, n'kupopa kanayi kasanu pongochotsa manyazi.

"Unali mpweya, Bambo."

Limenelo linali bodza lake loyamba pa ntchito, ndipo nkhomaliro ya tsiku limenelo sinamukomere.

Patatha sabata lole inabweranso. Ezara anathira girizi m'makingipini, zitsulo zimene matayala akutsogolo amatembenukirapo, ngakhale girizi wakale anali akali wonyowa. Anati vuto linali pamenepo. Sabata inayo anatsegula bokosi la chiwongolero, n'kupeza oyilo ali tho, koma anathiramo kadontho, n'kunena kuti anachepa. Pofika apa maso ake anali ataona kale zimene mtima unkakana. A Gerevazio pokwera m'lole ankagwira chitseko ndi dzanja lamanja lokha. Lamanzere linkatsalira m'mbuyo, lili lende.

Kenako zinachitika pa Chimbiya. Pokhotera kumanzere lole inakana kulowa bwino, n'kukagunda kathandala ka mayi wina wogulitsa tomato. Munthu sanavulale, koma tomato anali mbwee mumsewu, ndipo nkhani inafika pa Linthipe lole isanafike. A Gerevazio anauza aliyense kuti chiwongolero chawakanika akamwini awo. Anthu nawo, pakamwa pawo simukupadziwa? Ati Ezara manja atha, ati akulephera ngakhale galimoto ya pakhomo. Madalaivala awiri anasamukira kwa makaniko wina. Ezara anameza zonsezo osayankha. Kunyozedwa kwa iye kunali kopepuka kusiyana ndi kuwavula ulemu nkhalamba ija.

Akanapitiriza choncho mwina mpaka chaka kutha, koma Lachiwiri lina kunabwera tcheyamani wa chipani wa m'deralo. Anati Loweruka kuli msonkhano waukulu ku Golomoti, ndipo lole ya a Gerevazio inyamula amayi okavina. Masiku amenewo mawu otere sankakhala pempho. Ukati galimoto yafa, anyamata a chipani ankabwera kudzaiona okha, ndipo akaganiza kuti waipha dala, unkakafotokoza kumene anthu sankabwerako msanga. Amayi anali makumi anayi. Pakati pawo panali Veronika ndi mayi ake, a Bernadetta. Njira yake inali ya Khwekhwerere, yotsika phiri mokhotakhota, kuno thanthwe uko phompho.

Lachitatu m'mawa Ezara akumanga zitsulo panjinga kuseri kwa nkhokwe, anamva apongozi ake aakazi akukhala pansi mbali inayo. A Bernadetta anali asanalankhulepo naye maso ndi maso chikwatirire. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Tsiku limenelo a Bernadetta anakhala chofulatira, akutong'ola chimanga m'lichero, n'kuitana mwana wawo mokweza kuposa mmene zinkafunikira.

"Veronika! Ukawauze amuna ako, bambo a Jesinta, kuti mabatani a malaya a atate ako ndikumanga ndine, mwezi wachiwiri uno."

"Ndamva, Amayi," anayankha Veronika, ali chiimire pakati pa awiriwo.

"Ukawauzenso kuti kapu ya tiyi yagwa kawiri. Ine ndinayesa kunena, anandikalipira ngati mwana. Munthu uja samva za munthu mnzake, amamva za chitsulo basi. Amene amadziwa kulankhulitsa chitsulo achilankhulitse, tisanakathere kuphompho tonse."

Veronika anatembenuka kuti abwereze uthengawo monga mwa mwambo, koma atangoona nkhope ya mwamuna wake anasiya. Ezara anachita manyazi aakulu. Ulemu wake uja, umene ankauyesa chikondi, ndi umene unali pafupi kupha anthu makumi anayi.

Anaganiza masiku awiri. Lachisanu m'mamawa, msika usanadzaze, anapempha a Gerevazio kuti abweretse lole pansi pa mkuyu. Nkhungu inali isanachoke, ndipo zitsulo zinkazizira mpaka kuwawa m'zala.

"Bambo, nzeru zanga zatha," anatero atanjuta pang'ono. "Lero tifufuze tonse awiri. Ine ndizigwira, inu muziweruza."

Zimenezi zinawakomera a Gerevazio. Anakhala pachitsa, chipewa chili pabondo, ngati woweruza weniweni.

Ezara anayesa mpweya, n'kuwaonetsa geji yoyezera mpweyawo.

"Apa palibe mlandu," anatero a Gerevazio.

Anaika jeke, n'kukweza kutsogolo konse mpaka matayala analekana ndi dothi. Anagwira tayala ndi manja n'kulikankhira kumanzere, kenako kumanja. Linkayenda myaa, osalira n'komwe.

"Makingipini ali bwino. Pitirizani."

Analowa pansi ndi sipanala, n'kumasula ndodo yachitsulo imene imalumikiza bokosi la chiwongolero ndi matayala. Anaitulutsa, n'kuipereka ndi manja awiri. A Gerevazio anaiyang'ana mbali zonse, anagwedeza mfundo zake, anainunkhiza ndithu, pofuna kuipezera chifukwa. Inali yowongoka ngati bango.

"Iyinso ayi." Mawu awo anali atayamba kutsika.

"Kwatsala bokosi ndi chiwongolero chenichenicho, Bambo. Pano sichikukoka kanthu, chili chokha."

Ezara anaima pasitepe, n'kuika chala chimodzi pachiwongolero, n'kuchizunguliza mpaka kumapeto, n'kuchibwezanso. Kenako anatsika, n'kuyang'ana pansi.

"Kwerani muyese, mwina ine sindikumva bwino."

A Gerevazio anakwera. Anagwira ndi dzanja lamanja, chiwongolero chinazungulira ngati chamwana choseweretsa. Anachibweza. Anachizungulizanso. Ezara sananene kanthu za dzanja linalo, ndipo sakanatha kunena ngakhale akanamuopseza ndi mkondo. Anangoima pambali.

Patapita nthawi, nkhalamba ija inaika dzanja lamanja pabondo. Inakweza lamanzere pang'onopang'ono mpaka linafika pachiwongolero. Zala zinakana kufumbata. Anayesa kukoka, chiwongolero chinangosuntha pang'ono, dzanja n'kutsetsereka, n'kugwera pantchafu. Anayesa kachiwiri, mano ali gwa. Linagwanso.

Ezara anatola ndodo ija n'kulowa nayo pansi pa lole. Mwamuna wamkulu sayenera kuonereredwa pa nthawi ngati imeneyo. Anagona chagada pathumba lake, n'kuyamba kumanga manati mochedwa dala, ntchito ya mphindi zisanu n'kuisandutsa ya theka la ola. Pamwamba pake ankamva kupuma kolemera, kenako phokoso la munthu wamkulu amene akuyesetsa kuti kulira kwake kusamveke. Nayenso misozi inatsikira m'makutu. Anawamvera chisoni apongozi akewo kuposa mmene anamvera tsiku limene anaika bambo ake omubala.

Atamaliza anatsitsa jeke, n'kupukuta m'manja, osadziwa poyang'ana.

"A Ngozo."

"Wawa."

"Mpweya uja?"

Ezara anagwada pafumbi pafupi ndi sitepe. "Unali wokwanira, Bambo."

"Girizi?"

"Analimo."

"Oyilo nayenso?"

"Ndinakunamizani katatu konse. Ndinalakwa. Pakamwa panga pankalemera."

A Gerevazio anayang'ana kutsogolo, kumene amayi anali atayamba kuyala tomato ndi anyezi.

"Ndiye ine n'kumayenda pamsika ponse kuipitsa dzina lanu," anatero. "Inu n'kumangomva, osatsegula pakamwa. Ha! Koma anthu inu a ku Bembeke." Anapukuta m'maso ndi chipewa. "Ndimadziwa kapena sindimadziwa, Mulungu yekha ndiye anganene. Usiku ndinkalitsina dzanjali, n'kumati mawa lidzuka. Ndinachita mantha, a Ngozo. Dalaivala wopanda dzanja ndi ndani pamudzi?"

Ezara sanafune kuwapekeranso bodza lina.

"Laisensi yanu ija ikadali yamoyo?" anafunsa a Gerevazio.

"Ili bwino, Bambo."

"Khwekhwerere munatsikapo?"

"Ndili pambuyo, pamwamba pa matumba. Pachiwongolero ayi."

Apo a Gerevazio anachita chinthu chimene pa Linthipe panalibe anachionapo. Sanatsike. Anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanja, n'kudzikoka, n'kudutsitsa miyendo yawo yaitali pa ndodo ya giya movutikira, mpaka anakakhala kumpando wa wokwera. Chigulire loleyo, pampando wa dalaivala panali pasanakhalepo munthu wina, ngakhale Ezara amene ankadziwa nati yake iliyonse.

"Kwerani. Tikatsike lero lomwe ilibe katundu, mukaone makona ndi maso anu. Mawa munyamula akazi a eni ake, wanu ndi wanga ali momwemo. Kona yachitatu imanyenga, muziyamba kukhota musanaione. Mabuleki musamawadalire, phiri lija limatsikidwa ndi giya."

Ezara anavula ovolosi yake yamafuta, n'kuipinda, n'kuisiya pachitsa. Anakwera mwamantha ngati akulowa m'chipinda cha apongozi. Mpando unali ukali wofunda, ndipo unali kutali kwambiri ndi mapedulo moti anachita kukhalira kumphepete. Analiza injini.

A Gerevazio ananyamula dzanja lawo lamanzere ndi lamanja, n'kuligoneka bwinobwino pamiyendo. Anayang'ana msewu, kenako anatembenuka n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, nthawi yaitali.

"Giya yoyamba, mwananga," anatero. "Musaope, ndili pompano."