Agogo Afa Nawo

Fungo la kachasu likangondipeza, ndimabwerera m'nyengo yokumba kachewere kwathu kufupi ndi Lizulu, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kunkazizira koopsa chaka chimenecho, ife ana miyendo ili mbuu, milomo yong'aluka. Amayi ankalawirira kudimba, ine n'kutsala pakhomo ndi agogo aamuna, omwe unyamata wawo wonse anauthera kumigodi ya ku Joni. Anabwerako ndi chikhoti chachikulu, chifuwa chosatha, ndi ludzu la mowa.

Masiku a msika ankabwera akudzandira dzuwa lili pamutu, n'kugwera pakhonde. Odutsa m'njira ankaseka, "Agogo ako afa nawo lero." Poyamba ndinkalira, amayi n'kumandinena kuti ndine wopepera, kufa kwa mowa munthu amadzuka. Ndiye ndinaphunzira kuti kufa kulipo kuwiri, koma panalibe anandiuza kusiyana kwake.

Loweruka lina anyamata awiri anabwera atawanyamula, n'kuwagoneka chagada pamphasa. Mkonono wa tsikulo sunali umene ndinauzolowera. Unkamveka ngati phala likubwata kukhosi, kenaka zii kwa nthawi yaitali, n'kuyambiranso. Ndinawaitana, ndinawatsina khutu, koma osatekeseka. Dzanja lawo linali lozizira ngati mwala wa kumtsinje, milomo itada, masanzi akuchucha m'mbali mwa kamwa.

Ndinathamangira kwa abambo ena amene ankakonza njinga pamsewu. "Agogo akufa," ndinatero. Iwo osadzutsa n'komwe mutu. "Tawaona kale, mwana iwe. Kawathire madzi, uwasiye agone." Ndinabwerera, ndinatunga madzi, n'kuima ndi ndowa m'manja mutu utazungulira. Munthu wozizira kale chonchi, ndimuthirenso madzi? Nanga ine ndani woti n'kutsutsa akuluakulu? Ndinaika ndowa pansi ndi mantha, ngati ndikuba, n'kupita kwa aNamaseko, mayi woyandikana nafe amene ankagwira ntchito yosesa kuchipatala.

Iwo sanaseke. Anawatembenuza agogo chammbali, kuwapukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje, kuwafunditsa chikhoti chija, n'kutuma anthu kuti amange ngolo msanga yopita nawo kuchipatala. "Usawamwetse kanthu. Uwagwire mutu, uzimvera mpweya, ukasiya undiuze." Ndinakhala m'ngolomo khutu lili pakamwa pawo, tikudutsa pakati penipeni pa msika, ogulitsa kabichi ataimirira kuti aone bwino.

Agogo anatuluka m'chipatala patapita masiku awiri, atakwiya zosasimbika. Nkhani inali itafala kale kuti mdala wa ku Joni anadutsa pamsika ngati thumba la mbatata. "Anakutuma ndani kuti undiyalutse, iwe?" anandifunsa. Amayi anangoti zyoli, osandiikira kumbuyo. Ine ndinagwada n'kupepesa, mtima ukundiwawa, ndikudziuza kuti ndikadawasiya akadadzuka okha monga masiku onse.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikudziwa kuti woledzera amene sakudzuka ukamutsina, wozizira, wopuma modukizadukiza, sakugona ayi, mowa ukumupha. Agogo anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka zonsezo ine ndinkakhulupirira kuti ndinawalakwira, ndipo iwo anamwalira akudziwa kuti anandikhululukira.