Tsitsi Limene Ndinabisira Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaliwononga tsitsi langa ndi manja anga omwe. Chinali chaka chija sukulu inayamba kukhala yaulere, ana n'kudzaza mpaka pansi pa mitengo. Aphunzitsi athu ku Mitundu, amene kale ankayenda ndi sizasi m'thumba kusaka mitu yowirira, analibenso nthawi yoyang'ana pamutu pa munthu. Ufulu umene akuluakulu ankaukamba pa wailesi, kwa ife atsikana unafikira pamutu. Aliyense anayamba kusunga tsitsi.

Langa linkakula msanga, lakuda bii, ndipo amene ankalinyadira kwambiri sindinali ine ayi, anali abambo. Akaweruka kuchigafa madzulo, manja akununkha fodya, ankakhala pakhonde n'kundiitana ndi chiwongo changa. "A Nabanda, tabwerani ndione munda wanga." Ndinkagwada pafupi nawo, iwo n'kuika dzanja pamutu panga, kupapasa pang'onopang'ono monga ankachitira poona ngati tsamba la fodya lafewa. Sanali munthu wa mawu ambiri. Chikondi chawo chinali m'dzanja limenelo.

Koma ine tsitsi lopotana silinkandikwanira. Ndinkafuna loti ndikapukusa mutu lizigwedezeka, ngati la asungwana a m'tauni amene ankatsika basi tsiku la msika. Mnzanga wina anali ndi chipeso chachitsulo cha akulu ake. Tinkachiika pamakala, kupakana mafuta odzola, n'kumawongolana kuseri kwa nkhokwe, fungo lili ngati powawula nkhuku. Tikawongola Loweruka, pakati pa sabata labwerera mwakale, ife n'kuyambiranso. Kuwonjezera apo ndinkalichapa ndi sopo wochapira zovala, n'kumalipesa lili louma, mokakamiza, mano nditaluma. Posakhalitsa nsonga zake zinafiira n'kuyamba kuchita mphanda, tsitsi limodzi kugawanika pawiri, lina patatu. Ndikapesa, tizidutswa tinkangowazika pamapewa.

Nthawi yomweyo ndi pamene abambo anagona. Chinayamba ngati chifuwa wamba, kenako thupi linayamba kutha. Anawatengera kuchipatala ku Nkhoma, amayi n'kupita kukawadikirira. Ine ananditula ku Nathenje, kwawo kwa abambo, kwa azakhali anga, poti n'panjira. Asanakwere galimoto, amayi anandiyang'ana pamutu n'kutembenukira kwa azakhali.

"Alamu, mwanayu tsitsi waliwononga, ndikuona. Koma pamutu pakepa pasadutse lumo kapena sizasi mpaka abambo ake atatuluka. Kumeta timameta munthu akapita. Tisayambe kumetera munthu akupuma."

Azakhali anavomera. Inenso ndinamva bwinobwino, sindinganame kuti ndinali patali.

Azakhaliwo anali ndi mwana wamkulu, Esinati, amene ankaluka anthu tsitsi pakhonde la golosale ina pa Nathenje pomwepo. Tsiku limene amayi ankapereka lamulo lija iye kunalibe. Poti anali msuweni wanga, pakamwa pake panalibe chitseko. Atangondiona anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Msuweni, chimenechi n'chiyani? Tsitsi kapena tsache lotha? Angakukwatire ndani chonchi?"

Ndinamupempha mafuta abwino oti nsongazo zibwerere. Anandikhazika pansi, n'kutenga tsitsi limodzi kuliyang'anitsa padzuwa.

"Mafuta amateteza lomwe lili bwino," anatero. "Long'ambika kale silimatika, olo udzole botolo lonse. Ukalisiya, mng'aluwo umakwerabe, mapeto ake lidzaduka lokha pakati. Mankhwala ake ndi sizasi yakuthwa basi. Tidule pamwamba pang'ono pa mphandazi, kenako chipeso chamoto uchiiwale."

Apo ndi pamene ndinayenera kunena mawu a amayi. M'malo mwake ndinamuuza kuti adule. Mawa lake linali Lamulungu, tsiku loti tikaone abambo, ndipo ndinkafuna kuti akaitanitsa munda wawo akaupeze uli wolimidwa bwino. Esinati analinyowetsa, kulipesa kuyambira kunsonga kutsikira kumizu, n'kudula pang'onopang'ono, mwina kutalika ngati nsonga ya chala. Anandipaka mafuta pang'ono n'kundipatsa kagalasi. Linali lokongola, lolingana, lofewa. Ndinasekerera.

Chimwemwe chinatha pamene Esinati anatenga tsache. Anasesa tsitsi lija kuti akalitaye kuchimbudzi, mbalame zingamangire chisa. Nditaona kamulu kakuda kaja padothi, ndinakumbukira kumene ndinakaonapo kale: pamaliro a agogo, tsiku lometa. Ndinabwereka duku la Esinati n'kulimanga mpaka m'makutu, ndipo azakhali atandifunsa ndinati ndikumva mphepo.

Kuchipatala tinapeza abambo atatsamira pilo, masaya atalowa, maso okha ndiwo anali aja akale. Amayi anakhala m'mbali mwa bedi ndi kapu ya phala limene linali litazizira osadyedwa. Atandiona, abambo anamwetulira.

"A Nabanda, mwabwera? Tavulani dukulo ndione munda wanga."

Anakweza dzanja. Ndinayang'ana dzanjalo, ndinayang'ana amayi. Ndinadziwa kuti ndikangovula, amayi aona nsonga zolinganazo, ndipo adziwa kuti ndametera abambo anga ali moyo, pamaso pa anthu onse a m'chipindamo. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Ndili ndi tizilonda m'mutu, ababa. Tikupweteka."

Dzanja lija linakhala m'malere kanthawi, kenako linatsikira pabulangete. "Pepani mayi," anatero. "Ndidzauona ndikatuluka."

Sanatuluke. Lamulungu lotsatira lisanafike, uthenga unabwera, ndipo tinawaika ku Nathenje komweko pakati pa makolo awo. Masiku onse a maliro duku silinachoke pamutu panga. Sindinkadya, sindinkayankhula. Amayi a m'mudzi ankanong'onezana kuti mwanayu ankawakonda abambo ake, ine mumtima ndikuti mukanadziwa. Ndinali wotsimikiza kuti ndawapha ndine, ndi sizasi ya Esinati. Nyimbo iliyonse imene ankaimba pasiwa inkamveka ngati ikunena za ine.

Tsiku lometa linafika. Tinakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mayi wina wachikulire ali ndi lumo ndi beseni la madzi a sopo. Amayi anga ndiwo anayamba kumetedwa, ndipo pamene ankandiitana mutu wawo unali kale mbee. Panalibenso kothawira. Amayi anamasula duku lija okha, n'kuyendetsa zala m'tsitsi langa, kulipatula uku ndi uku.

"Zilonda zija zili kuti?"

Ndinaphulika kulira. "Ndinadulitsa, amayi! Munaletsa koma ndinadulitsa. Ndawapha ndine ababa!"

Ndinkayembekezera khofi. M'malo mwake anandikokera pachifuwa pawo mwamphamvu mpaka ndinabanika.

"Iwe, khala chete. Sizasi siipha munthu. Matenda aja ndinawaona ine kalekale kumene akulowera. Ndinaletsa lumo chifukwa cha mantha, ndinalibe china choti n'kugwira." Anandisisita. Kenako anapitiriza motsitsa mawu, osati mokalipa ayi, ngati akudziyankhulira okha. "Koma ukanavula duku lija, mwanawe. Mutachoka anangokhalira kundifunsa ngati zilondazo n'zazikulu. Mpaka tsiku loti mawa lake atisiya akundikumbutsa kuti ndikakufunsire mankhwala kwa adokotala."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa khofi aliyense. Lumo linadutsa, tsitsi lonse linagwa, lodulidwa bwino lija pamodzi ndi mizu yake yomwe, ine osamva kanthu.

Linameranso, ndipo chipeso chamoto sindinachikhudzenso. Esinati ananena zoona, ndipo mpaka lero ndimatsata malangizo ake: ana anga aakazi nsonga zikayamba mphanda ndimadula msanga, sindidikira kuti mng'alu ukwere. Ndikagwira sizasi sindiopa kanthu. Amayi sindiwaimba mlandu, pakuti nanenso ndadikirirapo wodwala, ndipo ndikudziwa mmene munthu amagwirira chilichonse akaona kuti madzi afika m'khosi.

Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti ndinalira mlandu wolakwika. Kudula tsitsi sikunawachotsere abambo ngakhale tsiku limodzi. Chimene ndinawalanda ndi chija anapempha ndi dzanja lawo lija, ndipo m'malo mwake ndinawasiyira nkhawa ya zilonda zimene kunalibe, iwo n'kupita nayo kumanda. Ndinaopa kukalipiridwa kwa kanthawi, ndinataya chinthu chosabwerera. Zimenezi zimandiwawabe, ndipo sindiyembekezera kuti zidzasiya.

N'chifukwa chake mwana wanga akabwera akuzembazemba, maso ali pansi, ndikuona kuti pali chimene wabisa, sindiyamba n'kufunsa chimene walakwa. Ndimamuitana pafupi, n'kuyamba ndamuika dzanja pamutu.