Kapaipi Konyowa Kuseri kwa Chitseko

Amuna anga amakonza njinga, ndipo anzawo amawatcha a Sipoko chifukwa cha kuonda. Ndiwo anandiphunzitsa kuti popalasa njinga, botolo la madzi ndi la msewu wosalala, pomwe ungamwe dzanja limodzi lili pachiwongolero. Koma chikwama cha madzi chobereka kumsana, chokhala ndi kapaipi kofika kukamwa, n'cha kuphiri, komwe manja onse sachoka pachiwongolero.

Atagwa kumeneko n'kuthyoka phewa, ine ndili woyembekezera, analumbira kuti zakuphiri asiya. Chikwamacho anati agulitsa. Lamlungu lililonse amatuluka ndi botolo, mtima wanga n'kukhala m'malo.

Dzulo ndinawapititsira chakudya kushopu yawo. Pofuna poyimika ambulera, ndinasuzumira kuseri kwa chitseko. Chikwama chija chinali lende pamsomali, malamba ali matope, kapaipi kakudontha.

"Bambo a mwana, nanga ichi?"

"Aa, n'cha kasitomala, mayi."

Kunsonga kwa kapaipiko kunali kotafunidwa mbali imodzi, mmene amatafunira iwo.

Ndinatsitsa mwana kumsana n'kuwapatsa. "Muuzeni uyu zimenezo."

Anamulandira ndi manja agirisi, maso ali pansi.