Ndinanenerera Mtengo wa Wilo Long'aluka

Inu owerenga, pamene ndikulemba izi dzanja langa lamanja lili m'kansalu kokoleka m'khosi. Palibe amene anandikankha. Ndinadzigwetsa ndekha chifukwa cha nsanje, mothandizidwa ndi luso lomwe ndimalinyadira kwambiri, lonenerera mitengo.

Ine ndinakulira ku Ndirande. Pa kaunjika ndinkanenerera jekete mpaka wogulitsa ankachita kundipempha kuti ndingoitenga ndizipita. Nditabwera kuno ku Glasgow, komwe ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, khalidweli sindinalisiye pa eyapoti. Mnzanga wina wakuntchito ndiye anandilowetsa m'masewera a saikolokrosi, mpikisano wa njinga womwe timathamanga m'mapaki, m'matope okhaokha, pena n'kutsika kusenza njinga paphewa. Kwathu munthu akasenza njinga ndiye kuti yaphulika tayala, koma kuno timachita kulipira kuti tiisenze. Njinga yanga inali yakale, mawilo ake opotoka pang'ono, koma mtima wanga unali m'malo.

Mtendere unatha ndi mlamu wanga Yamikani, mchimwene wa mayi akunyumba. Ameneyu ndinamulandira ndine, anagona pasofa panga ku Shawlands, ndipo masewerawa anawadziwira kwa ine. Atapeza ntchito ya unesi pachipatala china, anagula njinga yokhala ndi mawilo a kaboni, akuda bii, opepuka ngati lichero. Lamulungu lina anabwera nayo kutchalitchi. Anthu anaizungulira ngati khanda lobatizidwa kumene. Mwana wanga weniweni, Tadala, anazunguza wilo ndi chala n'kulengeza m'Chingerezi chake chothamanga cha kuno kuti njinga ndi ya ankolo, ya adadi ndi yokagulira buledi. Ndinaseka nawo mokakamiza.

Ndinapita ku shopu ya njinga. Mwini wake anandionetsa mawilo atsopano a aluminiyamu, olimba, a mtengo woti thumba langa likanakwanitsa osalira. Anati munthu wothamanga ngati ine sangamve kusiyana kulikonse m'matope. Ndinatuluka nditakwiya. Ine sindinkafuna mawilo olimba, ndinkafuna akuda ngati a mlamu. Yamikani atamva kuti ndikusaka a kaboni akaunjika anandiuza kuti, “Alamu, tengani a aluminiyamuwo. Kaboni wogwiritsidwa kale ntchito ndi njuga.” M'makutu mwanga zinamveka ngati munthu wosafuna kuti ndimupeze pomwe wafika.

Pa intaneti ndinapeza bambo wina wachikulire ku Maryhill, pafupi ndi ngalande ya m'deralo, akugulitsa mawilo a kaboni motchipa. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, iye anatenga wilo lakutsogolo n'kundilozera ndi chikhadabo mng'alu wowonda ngati tsitsi, pomwe sipoko imalowa. Ananena mosabisa kuti wilolo ndi loyenera njinga yopalasira m'nyumba basi, osati mpikisano.

Apa ndi pomwe ndinalakwa, abale anga. Kumsika komwe ndinakulira, wogulitsa amabisa chilema, ndipo wogula wochenjera amachifufuza kuti atsitsire mtengo. Chilema kwa ine sichinali chenjezo, chinali chida. Tsono munthu akundipatsa yekha chida m'manja, ndinangoti lero ndakumana ndi mbuli ya malonda. Ndinapukusa mutu, ndinatsonya, ndinatchula ana, ndinayamba kulowera kukhomo ngati ndikupita. Mkuluyo anatsitsa mtengo mpaka ndinachita manyazi ndekha. Akundiperekeza pamasitepe anabwerezanso kuti ndisakathamangire. Ine ndinkangoti yes, yes, maso anga akuona kale nkhope ya Yamikani.

Kunyumba ndinamata kapepala ka sitika pamng'alu paja kuti usaoneke. Mayi akunyumba anayang'ana mawilowo n'kufunsa kuti, “Bambo a Tadala, zotchipa chonchi zilibe nkhani?” Ndinawayankha kuti nkhani yake ndi yoti anakwatiwa ndi munthu wodziwa msika.

Tsiku la mpikisano kunagwa mvula, matope anali ngati phala. Ndisaname, mawilowo ankathamanga. Pokwera kachitunda ndinamudutsa Yamikani n'kukuwa kuti, “Alamu, kukuzizira bwanji kumbuyoko?” Chimwemwe chimene ndinamva panthawiyo sindinachimvepo ngakhale pa ukwati wanga. Potsetsereka, wilo lakutsogolo linagunda muzu wa mtengo. Ndinamva phokoso ngati munthu akuthyola nzimbe, kenako ndinaona kumwamba, kenako matope. Fupa la paphewa linathyoka.

Yamikani anali pafupi kumaliza pamalo abwino kuposa kale lonse. Anaponya njinga yake yodula ija m'matope ngati chitsulo chakudzala, n'kundigwira mutu kuti ndisagwedezeke. Anandiperekeza kuchipatala, ndipo mpaka lero sanatchulepo mawu akuti ndinakuuzani. Akanawatchula bwenzi ndili ndi pomudera.

Panopa ndili pakhomo. Ntchito yanga ndi yonyamula okalamba, ndipo ndi phewa limodzi sindinganyamule ngakhale ketulo, choncho mashifiti onse akudyedwa ndi anzanga. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anaimiritsa Yamikani kutsogolo ngati chitsanzo cha chikondi cha pa abale, mpingo wonse n'kuwomba m'manja. Ine ndinayamika Mulungu kuti ndinali ndi chifukwa chomveka chosawombera nawo. Ndinafuna kuti anthu asiye kutama mawilo ake, ndipo asiyadi. Tsopano akutama mtima wake.

Inu owerenga, makamaka anzanga odziwa msika, gulani mawilo olingana ndi thumba lanu ndi miyendo yanu, osati ndi njinga ya mlamu wanu. A aluminiyamu atsopano alibe manyazi, matope amadetsa onse mofanana. Ndipo wogulitsa akakuonetsani yekha chilema, musatsonye, musatchule ana. Muthokozeni, valani chipewa chanu, muzipita manja ali awiri.