Tsiku Limene Chichewa Chinawathawa Apongozi

Apongozi anga aakazi anagwa ndi sitiroko Lachiwiri m'mawa akusenda chinangwa cha makaka, ndipo pakhomo panali ine ndekha, munthu amene mwambo sundilola kuwayang'ana kumaso.

Ndine wa ku Kasungu. Nyuzipepala imene ndinkalembera ku Blantyre inali imodzi mwa zija zinabadwa ndi matipate n'kufa zisanamere mano. Itatsekedwa ndinatsatira mkazi wanga kwawo, m'munsi mwa Michesi, kudzakhala mkamwini. Iye amaphunzitsa ku Migowi, amachoka pa njinga dzuwa likutuluka. Ine ndimalima nandolo.

Pa zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, apongozi ndinkawadziwa mapazi, mawu ndi katsokomoledwe. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'munda. Moni tinkapatsana aliyense atayang'ana kwake, ngati anthu awiri ofunafuna nkhuku yosokera.

Tsikulo ndinamva mpeni ukugwera m'beseni, kenako zii. Nditazungulira kuseri ndinawapeza atagona chammbali, dzanja lamanja litapindika pansi pawo. Ndinaima patali n'kunena kuti, "Odi." Izi ndikuzilemba chifukwa ndi zimene zinachitika.

Ndinawanyamula n'kuwagoneka pamkeka pakhonde, maso anga ali kudenga. Apo anayamba kulankhula, mawu amodzi okha, mobwereza: "Maahi. Maahi."

Ine ndinamva "mayi". Mayi awo anamwalira kalekale, ndipo kwathu wodwala akayamba kuitana akufa, timadziwa kuti ulendo wayandikira. Ndinathamangira kwa mayi ena achikulire oyandikana nafe, amene amatsogolera amvano kutchalitchi, ndi kuwauza kuti abwere ndi buku la nyimbo.

Anabwera nalo. Anagwada, kutchera khutu kamodzi kokha, n'kunditembenukira.

"Akamwini, akufuna madzi."

"Akuitana mayi awo."

"Maahi ndi madzi. Zaka zonsezi mukutimalizira kalongonda, madzi okha simuwadziwa m'Chilomwe?"

Ndinati sindiwadziwa. Iwo anati nanga kusukulu yautolankhaniyo ankatiphunzitsa kumva chiyani.

Kuchipatala cha mishoni tinakhala masiku asanu ndi anayi. Adokotala anatiuza zinthu zitatu. Mbali yamanja yafa, mwina idzatsitsimuka pang'ono. Chichewa, chimene apongozi anachiphunzira ali mtsikana wamkulu, chachoka, chatsala Chilomwe cha kuubwana. Chachitatu ndicho anachibwereza: kummero kwafooka. Madzi azimwa pa supuni, atakhala tsonga, ndipo wowamwetsa aziyang'ana pakamwa ndi pakhosi mpaka aone kuti ameza. Akapanda kumeza bwino madzi amalowera kumapapo, ndipo zimenezo zimapha.

Mkazi wanga anapatsidwa tchuthi cha masabata awiri. Chitatha anabwerera kusukulu. Mchemwali wake ali ku Joni. Mayi amvano aja ali ndi odwala awoawo. Supuni inatsalira ine.

Tsiku loyamba ndinakhala pa mpando, kapu m'manja. Apongozi anakoka chitenje ndi dzanja lamanzere n'kudziphimba kumutu. Tinakhala choncho kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. M'chitenjemo munkatuluka "maahi", ine ndikakweza supuni chitenje chinkalimba. Mkazi wanga pobwera anapeza milomo yawo itang'ambika, kapu ili yodzaza. Sanatikalipire. Anangoti, "Ulemu wanu anthu awirinu utiphera munthu."

Tsiku lachiwiri ndinayesa kuwamwetsa nditayang'ana kumbali. Madzi anathera m'khutu.

Njira anaipeza okha apongozi. Tsiku lachitatu nditakhala pansi, anachotsa chitenje, kutsinzina mwamphamvu, n'kutsegula pakamwa. Ndinamvetsa. Iwo sakundiona, choncho nkhani yakuti ine ndikuwaona ilibe mboni. Anamwa masupuni makumi awiri ndi atatu, anatsamwa kamodzi. Ndinazindikira tsikulo kuti ali ndi chipsera chaching'ono pachibwano, ndi mphuno ya mwana wanga wamkazi.

Timatero mpaka lero. Ndaphunzira mawu ena asanu ndi limodzi a Chilomwe. Awiri mwa iwo, mkazi wanga akuti ndisawabwereze pagulu. Supuni ikatha, apongozi amadikira ndituluke, ndiye amatsegula maso.

Nkhaniyi yafika kwa mlongo wawo, mwinimbumba, amene amakhala kutsidya la mtsinje wa Phalombe. Watumiza mawu akuti mkamwini kumwetsa apongozi ake sanazionepo, ndipo abwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi kuti adzagamule. Mkazi wanga wati tidzawalandire bwino, tidzawaphere nkhuku, ndipo nthawi ya madzi ikakwana, tidzawapatse iwowo kapu ndi supuni.