Tsiku Limene Ndinagwira Mutu wa Apongozi Anga

Chizindikiro choyamba ndinachiona m'tchalitchi, Lamulungu lina m'mwezi wa Febuluwale. Apongozi anga aamuna, a Shaba, ndi mkulu wa mpingo m'mudzi mwathu kufupi ndi Champhira, ndipo ndiwo ankawerenga Mawu. Tsikulo anaimirira, natsegula Baibulo, nawerenga chaputala chonse osaphonya ngakhale liwu limodzi. Koma ine ndinakhala kutsogolo, kumbali ya amayi, ndipo ndinaona kuti mtanda wa pachikuto unaloza pansi. Bukulo analigwira mozondotsa. Sankawerenga ayi, ankangolakatula za pamtima.

Ndinaona, koma ndinakhala chete. Ine kwathu ndi ku Dowa, kuno ndinabwera ndi ukwati, ndipo chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa nditafika n'chakuti mkamwana sayandikira apongozi aamuna. Umagwada patali, nkhope kumbali, n'kulankhula motsitsa. Sudya nawo, suwakhudza, suwayang'ana m'maso. Zaka zisanu ndinakhala choncho. Nanga ine NyaPhiri, monga amanditchulira kuno, ndikanayamba bwanji kuuza munthu wamkulu ngati ameneyo kuti sakuona? Amuna anga anali ku migodi ya ku Joni, apongozi aakazi anali atamwalira kale, ndipo mlamu wanga wamkazi anakwatiwa kutali ku Euthini. Ndinkangoti wina aona. Manyazi anapha lambe, amatero akuluakulu, koma ine manyazi anga anapha diso la munthu wina.

Pofika nthawi yokolola anayamba kupunthwa pa zitsa. M'mwezi wa Ogasiti anapatsa moni mtsuko umene ndinausiya pakhomo. Ana anaseka, ine ndinalowa m'nyumba ndi kulira. Maso awo onse awiri anali atachita mbuu pakati. Mnzawo wina anawabweretsera madzi a masamba oti azidontheza, ndipo anayamba ndi diso lamanzere. Patatha sabata diso lija linafiira, linatupa, n'kuyamba kutuluka mafinya. Ululu unawagoneka milungu itatu. Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe n'kunena kuti, "Adada, tiyeni kuchipatala." Anandiyankha kuti Chiuta akafuna kuzimitsa nyale yake palibe womuletsa.

Anavomera m'mwezi wa Disembala, abusa atalengeza kuti kuchipatala cha mishoni kukubwera dokotala wa maso. Womudikirira wodwala panalibe wina koma ine. Mwana wanga ndinasiyira anansi. Tinakwera ngolo mpaka pa Jenda, mvula ili pamsana, ndipo pokwerera basi anyamata anayamba kaye aona makhadi athu a chipani. Njira yonseyi ine ndinkagwira nsonga ya ndodo, iwo nsonga inayo, kuti manja athu asakumane.

Kuchipatala tinadikira masiku awiri pakhonde. Anthu a maso analipo ambiri, ena ochokera kutsidya kwa malire. Dokotala atawaunika ndi tochi anati ndi ng'ala. Anati diso lamanzere lawonongeka ndi mankhwala aja ndipo palibenso chochita, koma lamanja angathe kuling'amba n'kuchotsa ng'alayo. Kenaka anafunsa kuti vutoli linayamba liti. Ndinayankha ndine, kuti mu Febuluwale. Anangondiyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakukumbukira mpaka lero.

Opaleshoni inachitika patatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike. Anawabweretsa m'wodi maso onse atamangidwa, anawagoneka chagada, n'kuika timatumba ta mchenga uku ndi uku kwa mutu. Namwino wamkulu, mayi wa ku Ntcheu wosaseka wamba, anandiitana n'kundiuza malamulo. Mutu usagwedezeke. Asadzuke, asawerame, asatsokomole mwamphamvu. "Akangodzuka, ulusi ukaduka, diso latha," anatero. "Ndipo latsala limodzi lomweli. Mwamva, gadiyani?"

Vuto linayamba ndi phala. Munthu wogona chagada sadya yekha, ndipo a Shaba anakana kudyetsedwa ndi mkamwana. Tsiku lonse anatseka pakamwa. Ine ndinangogwada patali ndi mbale yanga mpaka phala linazizira. Namwino atamva anabwera akupukusa mutu. "Bambo, muno mulibe apongozi. Muli wodwala ndi gadiyani basi. Upongozi mukaupeza pageti potuluka." Odwala anzawo anaseka, iwo osaseka. Koma m'mawa mwake anatsegula pakamwa. Ndinawadyetsa nditatambasula mkono wonse, nkhope ndili nayo kukhoma, moti theka la phala linkathera m'ndevu. Pa zina zofunika munthu wamwamuna ankatithandiza bambo wina amene ankadikirira mchimwene wake pabedi loyandikana.

Masiku a m'wodi ndi ofanana. Belu la mankhwala, kukolopa, dokotala kudutsa, ife kukaphika kukhitchini ya magadiyani kumene utsi wa nkhuni zaziwisi unkatiliza tonse. Kenaka kukhala pansi n'kumayang'anira mutu wa munthu kuti usasunthe.

Pa Khirisimasi masana kunabwera akwaya kudzaimbira odwala. Anaimba nyimbo ziwiri za Chitumbuka, ndipo ndinaona milomo ya apongozi ikutsatira. Atatha, wotsogolera anati, "Tiyeni tipemphere." Munthu amene wagwada pa mawu amenewo zaka makumi anayi saganiza kawiri. Ndinangoona chigongono chatsamira pa matiresi, mapewa akunyamuka, katumba kamodzi ka mchenga kagwa pansi. Mayo ine! Sindidziwa kuti ndinadumpha bwanji. Ndinangozindikira manja anga onse awiri ali pamutu pawo, zala zili m'imvi, ndikuwakanikizira pa pilo, ndikukuwa wodi yonse ikumva: "Adada, gonani! Gonani pansi!"

Amayi ena a kwaya anagwira pakamwa. Ine manja sindinachotse mpaka pemphero lonse linatha, ndipo pansi pa zikhato zanga ndinkamva mtsempha wa pachipumi pawo ukugunda. Namwino anabwera kudzaona bandeji, napeza kuti palibe magazi.

Masiku awiri apongozi sanandilankhule. Ankadya, koma ngakhale yewo, zikomo ya kuno, sankanena. Ine mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti nkhani ikafika kumudzi adzati mkazi wa ku Dowa wakalipira apongozi ndi kuwagwira kumutu pagulu, ndipo adzalembera amuna anga ku Joni. Ndinkapemphera kuti, Ambuye, ngati ukwati uthere apa uthe, koma diso lokhali lisiyeni.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi anamasula bandeji. Apongozi anati akuona kuwala ndi zinthu zoyenda ngati m'nkhungu, basi. Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti avutikira chabe. Namwino anati adekhe, diso lochotsedwa ng'ala limafuna magalasi, ndipo adzawapatsa chilonda chikauma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma masiku anayi amenewo anatalika kuposa chaka chonse.

M'mawa wa Chaka Chatsopano namwino anachotsa kalendala yakale pakhoma n'kupachika yatsopano. Kenaka anabwera ndi kabokosi. Anawakhazika apongozi tsonga, n'kuwaveka magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Ine ndinabwerera pamalo anga akale, kugwada chapatali, nkhope kumbali.

Apongozi anakweza dzanja lawo n'kumalitembenuza, kuyang'ana mizere ya m'chikhato ngati ndi la munthu wina. Anayang'ana pawindo, pamene madontho a mvula anali lende pa waya. Kenaka analoza kalendala ija n'kuwerenga mokweza, chilembo chimodzichimodzi, dzina la mwezi ndi nambala ya tsiku. "Nkhuwona," anatero m'chinenero chawo. Ndikuona. Ndinakulira m'tchalitchi ndikumva za akhungu openya, koma sindinkadziwa kuti ndidzakhala m'chipinda chimodzi ndi zimenezo, pakati pa fungo la mankhwala ndi mbale zosatsuka.

Ndipo anafunsa namwino kuti mayi wagwada apoyo ndani. Namwino anaseka koyamba chibwerereni ife. "Ameneyo ndi amene wakudyetsani masiku khumi." Apongozi anandiitana m'Chichewa chawo chopotoka chija: "NyaPhiri, sendera. Tembenuka ndikuone. Zaka zisanu uli pakhomo panga, ine nkhope yako sindiidziwa." Ndinatembenuka. Tinayang'anana, ine misozi ili chuchuchu, diso lawo likuoneka lalikulu kuseri kwa galasi. Anatenga dzanja langa, naliika okha pamutu pawo, pamalo pomwe paja. "Yewo chomene, mwana wane," anatero. Kenaka anapemphera ali chikhalire, kupereka chaka chatsopanocho kwa Mulungu, ndipo wodi yonse inavomera amen.

Tinatuluka patatha masiku atatu. Pageti ndinawapatsa nsonga ya ndodo mwa chizolowezi, iwo anaikana n'kutsogola okha.

Tsopano papita zaka zinayi. A Shaba ali bwino, amalima, amakwera njinga mpaka pa Champhira, ndipo anapezanso magalasi ena owerengera. Chaka Chatsopano chilichonse ndiwo amawerenga Mawu, mtanda wa pachikuto utaloza kumwamba. Amuna anga anabwerako, ndipo nkhani ya pa Khirisimasi anaimva kwa bambo awo omwe, akuisimba monyadira. Ulemu sindinausiye, ndimagwadabe, koma ndimagwada pafupi. Chaka chikamayamba sindichitanso mantha monga kale, pakuti ndinaona ndi maso angawa zimene Mulungu amachita kudzera m'manja a anthu.

Koma kwa inu amene mukuwerenga, ndikupemphani chinthu chimodzi. Mukaona wachikulire akupunthwa, akupatsa moni mitsuko, kapena diso lake likuchita mbuu, musadikire kuti wina anene. Musadonthezemo kanthu kalikonse ka kutchire. Pitani naye kuchipatala mwezi womwewo, ngakhale akhale munthu amene mwambo sukulolani kumuyang'ana. Diso lamanja la apongozi anga limandiona tsiku ndi tsiku n'kundithokoza. Lamanzere lidakali loyera, ndipo limenelo likanaona lero ndikanalankhula mu Febuluwale.